Ma peptide a m'mafuta odzola: kodi amafikadi kumene akutumidwa?

Mawu akuti peptide afika paliponse masiku ano. Ali pa mabotolo a mafuta odzola m'mashopu a ku Limbe, ali pa timabotolo tobwera m'zikwama kuchokera ku Joni, pa Facebook ndi TikTok ndiye osanena. Uyu akuti amachotsa makwinya, uyo akuti amalimbitsa khungu, winanso akuti amabwezeretsa kolajeni. Kuno ku Thyolo afikanso, mpaka m'malayini a m'maesiteti, ndipo mtengo wake si wamasewera: kabotolo kamodzi kakhoza kudya malipiro a masiku angapo a mayi wothyola tiyi. Tisanapise dzanja m'thumba, nkhaniyi ikufunika kuifunsa mafunso.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, za chipatala si zanga. Koma funso lalikulu pano ndi la Fizikisi ndithu: kanthu kakakulu mwakuti, tikakaika pamwamba pa khoma lokhuthala mwakuti, kodi kadutsa? Ngati sikadutsa, zonse zolembedwa pabotolo zija zathera pomwepo.

Tiyambe ndi mikanda

Mu Bayoloje munaphunzira kuti mapuloteni amapangidwa ndi ma amino acid, ndipo odziwika kwambiri alipo mitundu 20. Atengeni ngati mikanda ya mitundu 20. Mukalumikiza iwiri, molekyulu imodzi ya madzi imachoka, ndipo mfundo imene yamangika pakati pawo ndi imene imatchedwa peptide bond. Mikanda ikakhala iwiri, itatu, isanu, mpaka cha m'ma 50, chingwecho timati peptide. Chikatalika kuposa pamenepo timati puloteni. Malirewo si okhwima ayi. Insulin, imene odwala shuga amabaya, ili ndi ma amino acid 51, ndiye ili pa mpanda penipeni. Dzina lakuti peptide linayamba ndi Emil Fischer wa ku Germany mu 1902.

A Fomu 3 ndi 4, mfundo imeneyi munaiona kale ndi maso anu. Mukumbukira Biuret test? Muthira sodium hydroxide ndi timadontho ta copper sulphate m'madzi a dzira, madzi aja n'kusanduka apepo. Chimene kopa amagwira pamenepo ndi ma peptide bond. Ndiye peptide si mankhwala achilendo ochokera kumwamba. Nyemba, nandolo, usipa, mazira, zikafika m'mimba pepsin amazidula n'kukhala ma peptide, tsiku lililonse, popanda kulipira.

Puloteni imene ogulitsa mafuta amaitchulatchula ndi kolajeni. Imeneyi ndi yochuluka kuposa puloteni ina iliyonse m'thupi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mapuloteni onse. Ngati munadyapo mang'ina kapena zipalapasiro, mukuidziwa. Msuzi wa mang'ina ukagona umagwirana, n'kumanjenjemera m'mbale. Imeneyo ndi kolajeni imene moto waimasula. Chikumba cha pang'oma chimapirira kumenyedwa usiku wonse chifukwa cha kolajeni yomweyo. Molekyulu yake ndi zingwe zitatu zopotana ngati chingwe cha khonje, chilichonse cha ma amino acid opitirira pang'ono 1,000. Amene anazindikira kapotedwe kameneka mu 1954 ndi G. N. Ramachandran ndi Gopinath Kartha ku Madras, m'dziko la India, pogwiritsa ntchito X-ray. Ramachandran anali wa Fizikisi. Ndangoti ndinene, poti ena mumati phunziro langa ndi la mawaya ndi mabatire basi.

Pakhungu, kolajeni imakhala mkati, m'gawo lotchedwa dermis, ndipo amaipanga ndi maselo otchedwa fibroblast. Munthu akapitirira zaka za m'ma 20, kolajeni ya pakhungu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka. Khungu likuyamba kulendewera, makwinya akubwera.

Nzeru imene ili kumbuyo kwa mafutawa

Nzeru yake ndi yabwino ndithu, sindikuinyoza. Taganizani kapitawo akuyendera nyumba za pa esiteti, n'kupeza zidutswa za njerwa zili mbwee pansi. Sachita kuuzidwa, amadziwa kuti khoma lagumuka penapake, amaitana amisiri. Ma fibroblast nawonso amaoneka kuti amawerenga zidutswa za mapuloteni ngati uthenga. Mu 1993 ofufuza anapeza kuti kachidutswa ka ma amino acid asanu okha, kochokera ku molekyulu imene thupi limapangira kolajeni, kakathiridwa pa ma fibroblast okulira m'mbale ya mu labu, maselowo amapanga kolajeni yambiri. Kachidutswako amakalemba KTTKS, chilembo chilichonse kuimira amino acid imodzi. Palinso GHK, ka ma amino acid atatu, kamene Loren Pickart anakapeza m'magazi a munthu mu 1973. Kameneka kamakonda kugwira kopa, n'chifukwa chake mafuta olembedwa copper peptide amakhala obiriwira ngati mtambo. Mwaona ubale wake ndi Biuret uja?

Ndiye maganizo a opanga mafuta ndi akuti: tiwanamize ma fibroblast. Tiwatumizire zidutswa, aganize kuti khoma lagwa, ayambe kumanga.

Koma taonani pamene pagona nkhani. M'mbale ya mu labu, peptide amathiridwa pamutu penipeni pa selo. Pankhope panu, pakati pa mafuta ndi selo pali khoma.

Khoma lopyapyala koma louma mtima

Pamwamba penipeni pa khungu pali kagawo kotchedwa stratum corneum. M'malo ambiri a thupi kukhuthala kwake ndi 0.01 mpaka 0.02 mm basi. Pepala la kope lanu ndi pafupifupi 0.1 mm, kutanthauza kuti pepalalo ndi lokhuthala kasanu kapena kakhumi kuposa kagawoka. Komabe kagawo kameneka ndi kamene kamachititsa kuti musafufume mukasamba mu mtsinje wa Nswadzi, ndiponso kuti musaume ngati chiwamba mu Okutobala. Kamamangidwa ngati khoma: maselo akufa ndiwo njerwa, zosanjikizana mizere 15 kapena 20, ndipo matope ake ndi mafuta.

Kanthu kofuna kulowa kamayenda mokhotakhota m'matope a mafutawo, mwa diffusion. Lamulo lake analilemba Adolf Fick mu 1855, ndipo mumaliona m'mawa uliwonse masamba a tiyi akamatulutsa mtundu m'madzi: zinthu zimayenda kuchoka kumene zachuluka kupita kumene zachepa, ndipo timamolekyulu tating'ono timayenda msanga kuposa zikuluzikulu. Pakhungu pali zinthu ziwiri zimene molekyulu imafunsidwa pachipata. Kodi ndiwe wamng'ono? Kodi umagwirizana ndi mafuta?

Kulemera kwa molekyulu timakuyeza mu ma dalton. Ndi nambala yomwe ija mumawerengera mu Kemisitiri: madzi ndi 18. Mu 2000, Jan Bos ndi Marcus Meinardi a ku Amsterdam anaona kuti pafupifupi mankhwala onse amene amalowa pakhungu labwinobwino ndi osapitirira ma dalton 500. Si mpanda wa waya woti 499 alowa, 501 abwerera, koma kupitirira pamenepo kulowa kumachepa kwambiri.

Chitsanzo chake tili nacho m'Malawi momwe muno, ndipo n'chowawa. Nicotine ndi ma dalton 162, ndipo amasungunuka m'madzi ndi m'mafuta momwe. Anthu othyola fodya wonyowa ku Kasungu kapena ku Mchinji amatha kumva chizungulire, mutu ndi nseru asanasutepo ndudu ngakhale imodzi, chifukwa nicotine walowera m'manja ndi m'mikono. Ameneyo ndiye molekyulu wodziwa njira.

Tsopano ikani kolajeni pamzere womwewo. Molekyulu imodzi ndi ma dalton pafupifupi 300,000. Gawani ndi 500, mupeza 600. Mafuta olembedwa kuti muli kolajeni akufuna kulowetsa thalakitala ya pa esiteti pa una wa mbewa. Kolajeniyo imangokhala pamwamba, imagwira kachinyezi, khungu limamveka lofewa, madzulo mwasamba yapita. Zoti yakalowa m'malo mwa kolajeni yanu, ayi, iwalani.

Nanga ma peptide, poti ndi aang'ono? GHK ndi ma dalton 340, KTTKS ndi pafupifupi 560. Pa msinkhu ali pafupi ndi chipata. Vuto lawo ndi funso lachiwiri lija: amakonda madzi, ambiri ali ndi charge, ndipo matope a mafuta sawalandira. Komanso pakhungu pali ma enzyme amene ntchito yawo ndi kudula ma peptide. Akatswiri a kampani ya Sederma ku France anapeza njira yozembera. Anamangirira mchira wa palmitic acid, mafuta a makaboni 16, ku KTTKS, kuti azioneka ngati wachibale wa matope aja. Ameneyo ndi amene mumamuona pabotolo ngati palmitoyl pentapeptide-4 kapena Matrixyl. Mchirawo umathandizadi, koma umakweza kulemera kufika pa ma dalton 802. Wakonza kuno, waononga uko.

Anthu atayesa, anapeza chiyani?

Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri anatuluka mu 2005. Amayi 93 a zaka 35 mpaka 55 anadzola kwa masabata 12, mbali imodzi ya nkhope mafuta okhala ndi peptide ameneyu, mbali inayo mafuta omwewo opanda peptide. Kayesedwe kotere n'kabwino, chifukwa munthu yemweyo ndiye control yake. Mbali ya peptide inaonetsa kuchepa kwa timakwinya ting'onoting'ono. Ndiye sitinganene kuti zonse ndi bodza.

Koma muziwerenga ndi diso la wasayansi. Kusiyanako kunali kochepa, koonekera bwino pa zithunzi zoyezedwa ndi kompyuta. Ochita kafukufukuyo anali a Procter & Gamble, kampani yogulitsa mafuta odzola. Amayi onsewo anali azungu, amene khungu lawo limakalamba ndi dzuwa mosiyana ndi lathu. Ndipo peptide anali magawo atatu pa magawo 1,000,000. Tawerengerani nokha: m'botolo la magalamu 50, ndi 50 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 1,000,000, yankho 0.00015 g. Sikelo ya mu labu ya sukulu singamve n'komwe. Kuchepako pakokha si mlandu, poti uthenga sufuna kuchuluka. Chimene ndikunena n'chakuti wogula alibe njira yodziwira ngati m'kabotolo kopanda dzina lodziwika muli ngakhale kakang'ono kameneko.

Wina wotchuka ndi acetyl hexapeptide-8, wogulitsidwa ndi dzina la Argireline, amene amati amafewetsa minofu ya nkhope ngati Botox. Kulemera kwake ndi pafupifupi ma dalton 889. Ofufuza a bungwe la FDA ku America atamuyesa pa khungu la munthu mu labu, mu lipoti la 2015, anapeza kuti pafupifupi yense anatsukika pamwamba. Wolowa mu stratum corneum sanakwane ngakhale 1 peresenti, ndipo mu dermis sanapezekemo. Minofu imene akuti akaifewetse ili pansi pa dermis. Uthenga walembedwa bwino, koma wamthenga wathera pageti.

Nanga bwanji anthu amati akadzola khungu limasalala? Limasalaladi. M'botolomo muli gilisalini, amene amakoka madzi, ndi mafuta otsekera kuti madziwo asathawe. Stratum corneum ikamwa madzi imafufuma pang'ono, timizere n'kubisika. Gilisalini ndi Vaseline za pa okala zimachita zomwezo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, miyendo ikatuwa n'kumang'aluka, zimene agogo anu amadzola zija zili ndi sayansi yokwanira.

Amene akugumula khomalo ndani?

Apa ndiye pamene ndimafuna tikhalitse, chifukwa kwa ife a ku Thyolo mpamene pali nkhani yeniyeni. Kolajeni siichepa ndi zaka zokha. Yerekezani khungu la pakhosi ndi kunja kwa mikono la mayi amene wathyola tiyi zaka 20 ndi la mkati mwa mkono wake, pafupi ndi kukhwapa. Munthu mmodzi, zaka zofanana, chakudya chimodzi. Chasiyanitsa ndi dzuwa.

Kuwala kumabwera m'timaphukusi totchedwa ma photon, ndipo mphamvu ya kalikonse ndi E = hf. Wavelength ikafupika, frequency imakwera, mphamvu imakweranso. Photon wofiira wa 700 nm ali ndi pafupifupi 1.8 eV. Wa UVB wa 300 nm ali ndi pafupifupi 4.1 eV, kuposa 3.6 eV imene imagwirizitsa makaboni awiri. N'chifukwa chake moto wa nkhuni ukhoza kukutenthetsani usiku wonse osakhudza DNA yanu, pamene UVB amaiononga mwachindunji. UVA, wa 315 mpaka 400 nm, ali ndi mphamvu yocheperapo koma amalowa mozama mpaka mu dermis, n'kupanga timamolekyulu ta oxygen tolusa. Gary Fisher ndi John Voorhees a ku University of Michigan anaonetsa cha m'ma 1996 kuti cheza cha UV chimadzutsa ma enzyme odula kolajeni, ngakhale chikhale chochepa chosafika potentha khungu. Ndiye masana lumo likudula, madzulo munthu akudzola kadontho ka peptide kuti asoke.

Malo athu amawonjezera. Thyolo ili pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator, ndipo dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, Disembala mpaka Epulo, ili momwemo. Minda yambiri ya ku Satemwa, Naming'omba kapena Makandi ili pamtunda, cha m'ma mita 1,000, ndipo UV amakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse chifukwa mpweya womusefa wachepa. Kuzizira kwa kuno kumapusitsa. Khungu limamva kutentha, silimva UV, ndipo mtambo wopyapyala umalola UV wambiri kudutsa, mpaka 80 peresenti malinga ndi World Health Organization. M'munda wa tiyi mthunzi ndi wosowa. Munthu amaima pakati pa tebulo lobiriwira, dengu kumsana, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Umboni wa kuteteza ndi wolimba kuposa wa ma peptide. Ku Nambour, m'dziko la Australia, anthu 903 anawatsatira kwa zaka zinayi ndi theka. Amene ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse khungu lawo linakalamba mocheperapo ndi 24 peresenti poyerekeza ndi amene ankadzola mwa apo ndi apo. Zotsatirazi zinatuluka mu 2013. Mafuta amenewa safunika kudutsa khoma lililonse. Ntchito yawo amaigwirira pamwamba pomwepo. Chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali zimagwira ntchito yomweyo, ndipo sizitha m'botolo.

Ife akhungu lakuda tinabadwa ndi chitetezo china, melanin, amene amamwa UV n'kumusandutsa kutentha. Kafukufuku wa mu 1979 anayerekeza chitetezo cha khungu lakuda ndi SPF ya pafupifupi 13. N'chifukwa chake makwinya amatichedwera. Anzathu achialubino alibe chishango chimenechi, ndipo kwa iwo nkhani si ya makwinya koma khansa ya pakhungu, imene imapha ambiri akadali achinyamata. Bungwe la APAM lakhala likumenyera kuti mafuta oteteza ku dzuwa azipezeka m'zipatala. Ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu wachialubino, chipewa chake pa asembule si mwano kwa aphunzitsi, ndi mankhwala.

Ang'onoang'ono amene amalowadi

Lamulo la ma dalton 500 lili ndi mbali ina imene imandidetsa nkhawa kuposa ndalama zotayika. Zinthu zimene zimapezeka m'mafuta oyeretsa khungu zimadutsa pachipata mosavuta. Hydroquinone ndi ma dalton 110. Clobetasol propionate, steroid wamphamvu kwambiri, ndi 467. Onse ali pansi pa 500, ndipo n'chifukwa chake "amagwira" m'masabata ochepa. Hydroquinone amaletsa kupangidwa kwa melanin, ndipo akadzoledwa nthawi yaitali amatha kusiya zigamba zakuda zosachoka, matenda otchedwa ochronosis, amene madokotala a ku South Africa anawalemba mu 1975; dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Steroid ndiye amachita zosemphana kwenikweni ndi zimene peptide amalonjeza: amaletsa ma fibroblast kupanga kolajeni, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, mizere imang'ambika m'mikono ndi m'ntchafu. Ena mwa mafutawa amapezeka ndi mercury, amene amaononga impso.

Ndiye ngati kabotolo kalembedwa peptide koma mnzanu wayera m'masabata awiri, dziwani kuti wagwira ntchitoyo si peptide. Muli china chimene sichinalembedwe. Ndipo munthu amene wachotsa melanin wake n'kukaima m'munda wa tiyi mu Januwale wavula chishango nkhondo ili mkati.

Inu a zaka 15 kapena 17, ma fibroblast anu ali pachimake, sakufuna kunamizidwa ndi aliyense. Chimene amafuna ndi zipangizo: ma amino acid a mu nandolo, nyemba, usipa ndi mazira, komanso vitamini C, chifukwa popanda iye zingwe zitatu zija sizipotana molimba. Magwafa, malalanje, mapapaya ndi masamba osapsetsa kwambiri zili ndi vitamini ameneyu. Za ziphuphu, zimene ndikudziwa kuti ndizo zikuvutitsa ambiri a inu, ndi nkhani ina ya mankhwala ena. Pitani kuchipatala, osati kwa wogulitsa pa WhatsApp.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Zikani ndodo yowongoka ya mita imodzi pabwalo, muyeze mthunzi wake ola lililonse kuyambira 8 koloko mpaka 4 koloko, mujambule girafu. Nthawi yonse imene mthunzi uli wochepera mita imodzi, dzuwa lakwera kupitirira madigiri 45, cheza chikudutsa mpweya wochepa, ndipo UV ndi wamphamvu. Werengani kuti ndi maola angati, kenako mufunse kunyumba kuti wothyola tiyi amakhala m'munda maola ati. Amene mudzabwereze cha pa 6 Novembala, khalani pafupi ndi ndodo yanu isanakwane 11:30, chifukwa kuno tsiku limenelo dzuwa limafika pamutu nthawi ya 12 isanakwane, ndipo kwa mphindi zochepa mthunziwo udzatsala pang'ono kusoweratu.